Bambo akufuna kawailesi ka m'thumba: ndigule, kapena tiwasonkhere foni?

Funso lachokera kwa mayi wina amene amagwira ntchito ku Lilongwe koma kwawo ndi kufupi ndi Chamama m'boma la Kasungu. Alemba kuti: "Bambo anga akhala akundipempha kawailesi kakang'ono kolowa m'thumba. Alongo anga akuti kumeneko n'kutaya ndalama, bola tiwasonkhere foni yaikulu poti nayo imakhala ndi wailesi. Tiwailesi timene ndimationa pamsika n'totchipa kwambiri moti ndikukayika ngati tingathe ngakhale mwezi. Kodi n'koyenera kugula? Nanga ndisankhe kotani?"

Mayi, agulireni bambo anu kawailesiko. Ndayamba ndi yankho dala, kuti mukatopa pakati pa nkhani mukhale mutamva kale. Ine ntchito yanga ndi yokonza mawailesi, ndipo benchi yanga pa boma la Kasungu yaona a mitundu yonse, kuyambira a Nzeru aja ankapangidwa ku Blantyre, amene agogo ankabwera nawo atawakulunga m'chitenje ngati mwana wodwala malungo, mpaka tamakonoti ta magetsi ophethiraphethira. Kukayika kwanu n'komveka, tina mwa tiwailesi ta pamsika n'tachabechabe ndithu. Koma tina timakhala zaka, ndipo kuti mutisiyanitse sipafunika sukulu. Ndifikapo. Tiyambe ndi mfundo ya alongo anu.

Iwo sananame, mafoni ambiri ali ndi wailesi ya FM. Chimene sananene n'chakuti pa mafoni ochuluka wailesiyo siyamba musanalumikize mahedifoni, chifukwa chingwe cha mahedifonicho ndicho chimagwira ntchito ya eliyo. Chingwe chikangoduka m'kati, wailesi yatha. Mafoni ena atsopano alibiretu FM, amafuna muzimvera kudzera pa intaneti, ndipo apa ndiye tiyeni tiwerengetsere. Siteshoni yoyenda pa intaneti pa liwiro la 64 kbps imadya pafupifupi 29 MB pa ola. Munthu wamkulu womvera maola 5 patsiku, mwezi ukamatha wadya bandulo yopitirira 4 GB. Azigula ndani? Ndinu amene, mwezi ndi mwezi. Mawu a FM salipiritsa, amangodutsa pamwamba pa denga la aliyense, wolemera ndi wosauka, kudikira wowatchera.

Komanso foni pamudzi siikhala ya munthu mmodzi. Mukawagulira bambo anu foni yaikulu, dziwani kuti mwagulira adzukulu. M'mawa ili ndi mnyamata akuonera timavidiyo, masana yapita kumsika kokatchaja, madzulo nthawi ya nkhani ikamakwana mwini wake ali pakhonde manja m'khosi. Ndiye mukumbukirenso zala za munthu amene wakhala akuthyola ndi kusoka fodya moyo wake wonse. Zala zimenezo, zokhakhala ndiponso zomata phula, sizigwirizana ndi galasi lofuna kusisitidwa. Kawailesi kali ndi mabatani awiri ozungulira, lina la mawu lina losakira siteshoni, ndipo munthu amakayatsa mumdima osayang'ana n'komwe. Ngati ndalama ilipo, foni ya mabatani yoimbirana muwagulire ndithu. Koma ntchito ya foni ikhale kuimba, kumvera kusiyireni wailesi.

Nanga kagwira ntchito yanji kakang'onong'onoko? Pitani m'zigafa mwezi wa Marichi kapena Epulo mukaone. Anthu akusankha fodya tsiku lonse, kawailesi kali lende pa mtanda, akumvera ngati msika wa Chinkhoma watsegulidwa ndiponso momwe mitengo yayambira. Boma likalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu, mlimi amene wamva yekha ndi khutu lake amaima mosiyana pamaso pa venda wobwera ndi sikelo pakhomo. Mwina agulitsabe motchipa chifukwa cha mavuto a pakhomo, koma agulitsa akudziwa, osati mopusitsidwa. Chimodzimodzi nkhani ya makuponi ndi masiku ogulira feteleza wotsika mtengo, kumene kwabuka ntchemberezandonda, tsiku la katemera wa ana. Poliyo atapezeka ku Lilongwe mu 2022, ndiponso kolera atavuta chaka chomwecho mpaka 2023, mauthenga ambiri a zaumoyo ankafika kumidzi kudzera pa wailesi. A nthambi yoona zanyengo amalengeza momwe mvula ya chaka iyendere dzinja lisanayambe, kenako tsiku ndi tsiku. Salondola nthawi zonse, ayi, koma pano pa Kasungu pamene ng'amba imatha kutigwira chimanga chili m'mawondo, kumva kuti mvula yoyambayi n'chizimalupsa chabe kwapulumutsa mbewu za anthu.

Palinso zimene sizilowa m'masamu a ndalama. Mlonda wa pagolosale usiku wa mu Juni, mlimi wogonera kumunda kufupi ndi nkhalango ya Kasungu kulondera njovu, wakabaza podikira makasitomala pansi pa mtengo, onsewa kawailesi ndi mnzawo wocheza naye. Loweruka masana Bullets ikamakumana ndi Wanderers, anthu khumi amaunjikana pa kasipika kamodzi kochepa ngati chivundikiro cha botolo, chigoli chikalowa mudzi wonse umadziwa. Mauthenga achisoni, mapemphero a m'mawa kwa amene miyendo siikuwalolanso kufika kutchalitchi kapena kumzikiti, nkhani za m'maboma. Munthu wokalamba akamapempha wailesi, nthawi zambiri akunena kuti masana amatalika ana onse atapita kutauni.

Ndimakumbukira tsiku la 3 Febuluwale 2020, pamene majaji ankawerenga chigamulo cha mlandu wa chisankho kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Tsiku limenelo sindinakonze kanthu. Pabenchi panga panadzaza anthu, ena mafoni awo apamwamba atazima kalekale, tonse makutu ali pa kawailesi ka mabatire awiri. Patangopita milungu ingapo sukulu zinatsekedwa chifukwa cha Covid-19, ndipo maphunziro a ana a pulayimale anayamba kuulutsidwa pa wailesi. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko lonse tinalowa mumdima wa maola ambirimbiri, otchaja mafoni ntchito inaima. Kawailesi sikanadziwe n'komwe kuti kunja kwachitika zotere.

Tsopano kasankhidwe, pamene pagona nkhani yonse.

Pamsika mupeza mitundu iwiri. Pali towalawala, ta Bluetooth, polowetsa memori khadi, tochi, magetsi ovina motsatira nyimbo. Palinso tosaoneka bwino, ta bokosi lakuda kapena lotuwa, kagalasi ka manambala ndi kasingano kofiira koyenda mukamazungulitsa batani. Maso amathamangira toyambato, koma paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Chilichonse chowonjezera chimadya batire, ndipo pa mtengo wotsika chonchi ndalama imene yapita ku magetsi ovina yachotsedwa ku chigawo chogwira masiteshoni. Chaka china kunabwera bambo wina wachikulire, mlonda, atanyamula wailesi yokongola imene mwana wake anamutumizira kuchokera ku Johannesburg. Dandaulo lake linali lakuti akaiyatsa mumatuluka mawu a mzimayi wolankhula Chingerezi, akadina batani imayamba kusaka yokha n'kudumpha siteshoni imene iye amaifuna, ndipo isanakwane 2 koloko usiku yazima. Ndinaitsegula, inalibe vuto lililonse, inapangidwa choncho. Anatulutsa m'thumba la jasi kawailesi kake kakale, chitseko cha mabatire chomangidwa ndi mphira ya chubu cha njinga, n'kunena kuti, "Basi ingondisinthirani sipuling'i ya aka." Yokongola ija anakapatsa adzukulu.

Vuto la tosaka tokha ndi limenelo: timaima pa masiteshoni amphamvu okha, ofooka timawadumpha, ndipo tina mukachotsa batire timaiwala zonse. Kumudzi, kumene siteshoni yokondedwa mwina imafika mofooka, munthu amafuna batani loti azungulitse pang'onopang'ono mpaka mawu atayera. Kwa bambo anu sankhani ka batani lozungulira.

Yang'anani manambala a pagalasi. FM yathu imayambira pa 87.5 kukafika 108, ndipo kawailesi kayenera kufika kumapeto konseko. Amene anakwerapo galimoto zochokera ku Japan akudziwa zimene ndikunena: wailesi zake zambiri zimathera pa 90, masiteshoni ena onse osawapeza. MBC Radio 1 ndi Radio 2, Zodiak, Times, Radio Maria, Radio Islam, ndi mawailesi a m'madera ngati Kasungu Community Radio kapena Mudzi Wathu ya ku Mchinji, onsewa ali pa FM. Zilembo zina mungazione ndi AM kapena MW, ndi SW. Zikakhalapo n'zabwino, usiku zimakoka masiteshoni akutali a mayiko ena, koma musalipire ndalama yowonjezera chifukwa cha izo.

Chenjezo lalikulu kwa inu a ku Lilongwe ndi ili: mumzinda wailesi iliyonse imagwira, ngakhale yonyansitsitsa, chifukwa nsanja zoulutsira mawu zili pafupi. Mukaiyesa pa sitolo mumva ili mbee, mukafika nayo ku Chamama ingolira ngati mvula ya pa malata. Ndiye yesani mochenjera. Muuzeni wogulitsa aike mabatire, eliyo musaitulutse, ikhale yopinda. Zungulitsani batani pang'onopang'ono kuchokera kumayambiriro mpaka kumapeto, mukuwerenga masiteshoni omveka bwino. Chitani chimodzimodzi ndi kawailesi kena ka mtundu wina. Kamene kagwira ambiri eliyo ili yopinda ndiko kali ndi khutu lakuthwa. Mvetseraninso ngati siteshoni imodzi yamphamvu ikumveka malo ambirimbiri n'kuphimba zinzake, chimenecho n'chizindikiro choipa. Kenako kwezani ndi kutsitsa mawu, mumve ngati batani likukhetchera. Kagwedezeni pafupi ndi khutu, m'kati musamveke kanthu kogubuduzika. Tsegulani chitseko cha mabatire muone ngati chikutseka molimba, poti chimenechi ndi eliyo ndizo zimayamba kuthyoka. Wogulitsa akakana kuti muyese, pitani kwa wina. Kapenanso dikirani mudzagule pa Kasungu pompano popita kumudzi, kuti kakavuta kubweza kusakhale ulendo.

Mitengo sinditchula, chifukwa ndi momwe Kwacha ikuyendera, mtengo wa lero sufika mwezi wa mawa. Ndingoti musatenge kotchipitsitsa pa onse, komanso kodula kwambiri si kofunika. Kapakatikati kopanda zokongoletsa ndiko kabwino.

Za mabatire ndikhalitsepo, chifukwa ndalama yeniyeni ya wailesi imathera kumeneku, osati tsiku logula. Pali toyendera mabatire ang'onoang'ono a AA, awiri, lililonse la 1.5 V. Pali totchaja, tambiri timagwiritsa batire lafulati la BL-5C, lija linali m'mafoni akale a Nokia, kapena lozungulira lalikulupo la 18650, onsewa a 3.7 V. Funso loti mudzifunse ndi lakuti: pakhomo pa bambo anu pali kasola? Ngati kalipo, ngakhale kakang'ono kotchajira foni, tengani kotchaja, koma batire lake likhale lochotseka. Batire lomatiridwa m'kati likafa, kawailesi konse kafa, pamene BL-5C mumaipeza pafupifupi pa msika uliwonse, ndipo mutha kugula awiri kuti lina likamatchajidwa lina lili m'kati. Ngati sola palibe, ka AA ndiko kosavutitsa, poti mabatire amenewa ali m'kagolosale kalikonse. Kopambana onse ndi kolandira zonse ziwiri, ndipo totere tilipo.

Pa 18650 samalani ndi zolembedwa pa chikopa. Enieni abwino amathera cha m'ma 3,500 mAh, umene ndi muyeso wa moto umene batire limasunga. Mukaona lolembedwa 9,900 mAh, lopepuka ngati bango, limenelo ndi bodza losindikizidwa. Batire lotchaja likayamba kutupa lichotseni tsiku lomwelo, ndipo lisamasiyidwe padzuwa kapena pafupi ndi moto.

Chimene chimamaliza mabatire ndi kukweza mawu. Chigawo chogwira siteshoni chimadya pang'ono kwambiri, chodya kwambiri ndi chokankha sipika. Munthu womvera motsitsa, kawailesi kali m'thumba la malaya pafupi ndi khutu, mabatire ake amakhalitsa kutalitali kuposa wofuna kuti a nyumba yachitatu amve nawo. Ndi mahedifoni ndiye amakhala mpaka kuiwala tsiku limene munawagula. Musasakanize batire latsopano ndi lakale, lakalelo limafooketsa linzake n'kuyamba kutuluka madzi. Madzi amenewa ndiwo apha mawailesi ambiri amene ndawaona pabenchi panga: munthu wasunga wailesi mwezi wathunthu mabatire ali momwemo, potsegula sipuling'i yadyeka, dzimbiri lalowa mpaka m'kati. Ngati sikagwiritsidwa ntchito masiku angapo, mabatire atuluke.

Ndikudziwa kuti bambo anu aziyanika mabatire a AA otha padzuwa, aliyense amatero. Kutentha kumadzutsako mankhwala a m'kati, ndiye amalira kwa kanthawi, koma si kutchaja kumeneko. Chokhacho muwaletse ndi kuwaluma kapena kuwatswanya ndi mwala, ndipo otheratu asatayidwe pamoto, m'dimba kapena pafupi ndi chitsime. Ana amakonda kuwaswa kuti atenge kamtengo kakuda ka pakati, muwaletse.

Mukafika nako kumudzi n'kupeza kuti sikakugwira bwino, musafulumire kunena kuti mwaberedwa. Mawu a FM amayenda mowongoka, sakhota kuzungulira phiri, ndipo m'zigwa ndi m'madambo amafika mofooka. Nyumba ya malata nayo imawatchinga. Kusuntha kawailesi kuchoka pakona kupita pawindo, kapena kukapachika pa msomali m'mwamba, nthawi zambiri kumathetsa vuto. Eliyo itulutsidwe yonse, ndipo muiyese choimirira, chopendekeka, chogona, poti siteshoni iliyonse ili ndi mbali yake. Utali woyenera FM ndi pafupifupi masentimita 75, pamene tiwailesi ta m'thumba eliyo yake imakhala yofupikirapo. Tengani kawaya kakopa kotalika ngati mkono umodzi ndi theka, mukulunge nsonga yake yosenda pa eliyo, mbali inayo muikoleke kumtanda wa denga. Masiteshoni amene munalibe amatulukira. Ena amakokera waya mpaka pa nsungwi panja, ndipo zimathandizadi, koma kukayamba ziphaliwali wayayo achotsedwe msanga. Chinanso chimene anthu sachiganizira: mababu ena otchipa a LED, matchaja a foni ndi mainveta a sola amatulutsa phokoso limene wailesi imalitola. Mukamva kulira kwa "zzzz" kumene kumayamba madzulo okha, zimitsani babu mumve. Kakayera, ingokasunthirani kutali ndi babuyo.

Ku Mchinji, makamaka chakumalire, anthu amagwiranso masiteshoni a ku Chipata monga Breeze FM, amene amalankhula Chinyanja chomveka bwino kwa ife. Kawailesi sikafunsa chiphaso pachipata.

Sindikunena kuti zonse zotuluka mu sipika n'zoona. Pali otsatsa mankhwala ochiza matenda khumi ndi awiri botolo limodzi, pali andale, pali olosera. Koma siteshoni ili ndi chiphaso chochokera ku MACRA, bungwe la boma loyang'anira mawailesi ndi mafoni, ili ndi dzina ndi malo odziwika, ikanama pali koidandaulira. Uthenga wa mawu wozungulira pa WhatsApp ulibe mwini. Bambo anu akamamvera nkhani imodzi pa masiteshoni awiri osiyana, adzadziwa okha pamene pali mchere wowonjezera, akuluakulu amenewa si ana.

Kasamalidwe n'kosavuta. Fumbi la mu Okutobala ndi chinyezi cha dzinja ndiwo adani. Kathumba kansalu kokhala ndi chingwe chokoleka m'khosi kamateteza zonse ziwiri, ndiponso kugwa. Kumunda mvula ikayamba, kalowe m'jumbo. Batani la mawu likayamba kukhetchera, nthawi zambiri ndi fumbi chabe, kazimitseni n'kulizungulitsa uku ndi uku kambirimbiri. Kakangozima mwadzidzidzi, yambani mwapala sipuling'i ya mabatire ndi sandipepa kapena kampeni musanapite kwa wokonza. Eliyo ikathyoka, waya uja alowa m'malo. Kunena zoona, tamakono tambiri m'kati muli kachipangizo kamodzi kakuda, kameneko kakapsa palibe chokonza, ndipo wokonza wachilungamo adzakuuzani kuti mugule kena m'malo mokudyerani ndalama.

Kakadzafa musadzakataye. Kapatseni mdzukulu wokonda kutokosa zinthu akatsegule. Kwa Wimbe, pafupi ndi kwanu komweko, William Kamkwamba anayamba ndi kumasula mawailesi akufa ali mnyamata, kufuna kudziwa kumene mawu amachokera, asanamange makina ake a mphepo opangira magetsi amene anamutchukitsa dziko lonse lapansi.

Tsiku lokapereka, khalani nawo pansi muwafunse masiteshoni atatu kapena anayi amene amawakonda. Sakani imodziimodzi, ndipo pamene kasingano kaima dontheza kadontho ka utoto wa m'zikhadabo pagalasi, siteshoni iliyonse mtundu wake ngati muli nayo. Maso akamavuta kuwerenga timanambala, madonthowo amaoneka. Asiyireni mabatire anayi, osati awiri.

Simunatchule za mayi anu m'kalata yanu. Ngati alipo, ganizirani izi: kawailesi ka m'thumba kamapita kumene thumba lapita. Bambo akanyamuka kupita kudimba, kubawo kapena kumaliro, nako kanyamuka, mayi atsala pamtondo ndi pamoto popanda chomvera, chonsecho mapologalamu a zaumoyo, a sikelo ya ana ndi a mabanki a m'mudzi amawakhudza kwambiri iwowo. Ndalama imene alongo anu amafuna kusonkha ya foni yaikulu ikwana tiwailesi tiwiri, n'kutsalako ya mabatire. Ka mayi kakhale ka mtundu wina, kofiira kapena kobiriwira, kuti pasadzakhale wonena kuti anasokoneza potenga.